Ma Eyiti Awiri pa Doko la Feira

Chaka chimenecho mvula inachedwa, ndipo Feira inatentha mpaka mbuzi zinkakana kuchoka pansi pa malole. Ine ndi mkulu wanga, amene ndimawatcha asisi mpaka lero, tinali pa doko kudikira nsomba. Malonda athu anali amenewo: kugula nsomba zouma zochokera kutsidya, ku Mozambique, kuzimanga m'mitolo, n'kukwera nazo lole kupita ku Lusaka. Koma Novembala anali atapita pakati. Usodzi unali pafupi kutsekedwa, monga zimakhalira chaka ndi chaka mvula ikamayamba, ndipo maboti amene tinkayembekezera sankabwera. Likatulukira limodzi, amalonda tonse tinkathamangira m'madzi mpaka m'mawondo, zitenje titakwinya m'manja, n'kupeza kuti nsomba zonse zili kale ndi eni ake.

Tinali titagulako mitolo yochepa, yosakwanira ulendo. Inali m'kashedi ka malata pafupi ndi doko, ndipo ntchito yanga inali kuimasula m'mawa, kuyanika nsomba za pende ndi mcheni pa mphasa, kuingitsa ntchentche ndi agalu, kenako kuimanganso dzuwa likapendeka. Ntchito yotere sichedwa kutha, imakusiyira tsiku lonse m'manja. Ndinkapita kumsika wopanda chokagula. Ndinkabwerako n'kukaima pamene Luangwa amathira madzi ake mu Zambezi, kuyang'ana nyumba za ku Zumbo kutsidya, kenako n'kutembenuka kubwereranso kumsika. Amayi ogulitsa tomato anafika pondifunsa ngati ndataya chinthu.

Ndinali nditabwerera ku Feira ukwati wanga utatha ku Chongwe. Asisi ndiwo anandilandira. Sanandifunse mafunso ambiri, anangondipatsa mphasa, n'kundiuza kuti mawa tilawirira ku doko. Ndinkawathokoza, ndipo ndimawathokozabe. Koma asisi ndi munthu amene akakupatsa madzi amakuuzanso kamwedwe kake. Pa malonda athu iwo ndiwo ankakwera boti kupita ku misasa ya asodzi, kumunsi kwa Zumbo, kumene nsomba zimagulidwa zikadali pa nsanja zoyanikira. Ine ndinkatsala ndi shedi. Zimenezi sitinakambiranepo ayi. Zinangokhala choncho, ngati kuti tinabadwa nazo.

Masewera a poka anabwera ndi bambo wina woyendetsa boti, amene tonse pa doko tinkawatcha amalume. Kale ankayendetsa alendo pa loji ina kumtunda kwa Zambezi, ndipo kumeneko ndiko anaonera masewerawo mpaka kuwadziwa. Anali ndi makadi akale, ofewa ngati masamba a fodya. Tinkakhala pansi pa mtengo wa masau, mozungulira bwato lakale lovundikira limene linali tebulo lathu. Ndalama sitinkaika, popeza aliyense anali ataimangira nsomba pa chitenje. Tinkabetcha nthangala za masau zimene zinali mbwee pansi pa mtengowo, aliyense kachitini kamodzi kodzaza.

Malamulo ake sanali ovuta. Aliyense amalandira makadi awiri, amene amawaona yekha. Kenako wogawa amaika ena asanu pakati, oonekera kwa onse: atatu poyamba, lina pambuyo, lomaliza pamapeto. Amene makadi ake awiri agwirizana bwino ndi a pakatiwo ndiye wadya. Koma pa sitepe iliyonse pali kubetcha. Ungagogode pa bwato, kutanthauza kuti sukuika kanthu. Ungaike nthangala, ndipo mnzako ayenera kuika zofanana ngati akufuna kupitiriza, kapena kuonjezerapo, kapena kutaya makadi ake n'kusiya zonse zimene anaika kale. Chimene chinandidabwitsa tsiku loyamba n'chakuti munthu angadye wopanda kanthu m'manja, bola anzake onse achite mantha n'kutaya.

Asisi anachigwira chimenechi msanga kuposa tonse. Iwo kugogoda sankakudziwa. Makadi akangofika, nthawi zina asanawayang'ane n'komwe bwinobwino, dzanja linali kale m'kachitini. Ankaponya nthangala mwamphamvu mpaka zina kugubuduzika kugwera mumchenga. Wachinayi pa masewera athu anali mayi wina wa ku Mburuma, wokazinga vitumbuwa pa doko, munthu wofatsa amene ankasewera pokhapokha akaona ma esi, makadi oposa onse. Iye ankataya msanga n'kubwerera ku chiwaya chake. Amalume ankalimbako pang'ono, kenako n'kupukusa mutu. Ine ndinkataya. Ndinkataya makadi oipa, ndinkataya apakati, ndipo tsiku lina ndinataya ma jeke awiri chifukwa asisi anandiyang'ana m'maso. Tikataya tonse, iwo ankatembenuza makadi awo kuti tione: thuu ndi seveni, zinyalala zenizeni. Ankaseka mpaka kutsokomola.

"Mantha anu ndiwo chakudya changa," ankatero, akukokera nthangala kwa iwo ndi mikono yonse iwiri.

Masana ena, dzuwa lili paliwombo, amalume anafika pa mtengo paja akupukuta manja a mafuta pa nsanza. Anati injini yawo yachira, ndipo mawa m'mawa atsika ku misasa. Boti linali litadzaza kale ndi matumba a mchere, zigubu za petulo ndi amalonda ena amene analankhula nawo poyamba. Panatsala malo a munthu mmodzi.

"Amenewo ndi anga," anatero asisi, osadzutsa n'komwe mutu.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Mwina kunali kutentha, mwina miyendo imene inali itatopa ndi njira ya kumsika. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Ulendo uno ndipiteko ine, asisi."

Anandiyang'ana ngati mbuzi yalankhula.

"Iwe? Ukachite chiyani kumeneko?"

"Ndikagule nsomba. Si ndiye ntchito yathu?"

"Mwana iwe, anthu aja akakuona chabe akweza mtengo. Chikunda chawo chosakaniza ndi Chipwitikizi uchimva? Nsomba yonyowa m'kati uidziwa? Iwe amene umapepesa ngakhale kwa munthu wokuponda phazi?"

"Nanga ndidzaphunzira liti, ngati ndingokhala mlonda wa ntchentche?"

Mayi wa vitumbuwa anasiya kutembenuza za m'chiwaya. Amalume anayamba kusakaniza makadi pang'onopang'ono, maso ali pansi, monga munthu amene sakufuna kulowa nkhani ya pachibale. Chibwerere ku Feira ndinali ndisanawayankhepo asisi motero.

Iwo anaseka, koma sikunali kuseka kwa masiku onse. Anatenga kachitini kawo n'kukagwedeza.

"Chabwino. Ukandidya lero, upita ndiwe. Amalume, mwamva? Ife awiri chabe. Amene nthangala zimuthere, ndiye mlonda wa shedi."

"Ana inu, makadi si khoti," anatero amalume.

"Gawani, amalume. Afuna kuona misasa uyu."

Tinayeza nthangala, kachitini kamodzi aliyense, n'kukhala moyang'anana, bwato lili pakati pathu. Matabwa ake ankatentha ngakhale pamthunzi.

Poyamba zinayenda monga mwa masiku onse. Iwo ankaika, ine ndinkataya. Ndinalandira folo ndi naini, ndinataya. Ndinalandira kwini ndi sikisi, ndinatsatira kamodzi, pakati panabwera zosandithandiza, ndinataya. Kamodzi ndinadya tochepa pamene iwo anali kukangana ndi munthu wofuna kubwereka mphasa yathu. Mulu wanga unkatsika pang'onopang'ono, ngati madzi a mu Luangwa mwezi umenewo. Ndinkasinthasintha kakhalidwe, mwendo uku, mwendo uko. Nyerere inandiluma pa bondo ndipo ndinakondwa kupeza chochita ndi dzanja.

Kenako amalume anagawanso. Ndinakweza ngodya za makadi anga ndi chala chachikulu. Eyiti. Ndinasuntha lapamwamba. Eyiti winanso.

Amene sanasewerepo angaganize kuti ndinasangalala. Ayi. Makadi awiri ofanana ndi chinthu, inde, amaposa munthu amene alibe chogwirizana chilichonse. Koma eyiti ali pakatikati. Pamwamba pake pali naini, teni, jeke, kwini, kingi ndi esi, ndipo lililonse la amenewa likagwa pakati, mnzako akakhala nalo lina m'manja, wakupitirira. Ukakhala ndi ma esi awiri umadziwa kuti ulimba. Ukakhala ndi zinyalala umataya mtima uli pansi. Ma eyiti sakuuza chochita. Ndi abwino kwambiri kuti uwataye, komanso ndi ochepa kuti uwakhulupirire.

Asisi anasuzumira awo kamodzi n'kuponya nthangala zodzaza dzanja.

"Tiye, mlonda."

Ndinaganiza zoonjezera pamwamba pa zawo, kuti nawonso alaweko mantha. Koma ndinkawadziwa: ukawakankha amakankha kawiri, ndipo ndikanapezeka ndaika zonse ndisanaone khadi ngakhale limodzi la pakati. Ndinatola nthangala zofanana ndi zawo n'kuziika mwakachetechete.

"Eh, lero watsatira," anatero. "Wapeza chiyani?"

Amalume anaika atatu oyamba: kingi, sikisi, fili.

Kingi ameneyo anagona pa bwato ngati ng'ona pa mchenga. Sikisi ndi fili sanandiopse, ma eyiti anga anali pamwamba pawo. Koma ngati asisi anali ndi kingi m'manja, ndinali nditatha kale. Ndinayesa kuganiza bwinobwino, thukuta likutsikira m'khosi. Munthu amene amabetcha dzanja lililonse sangakhale ndi kingi dzanja lililonse. Makingi ndi anayi okha, ndipo mmodzi ndi uyu ali poyera. Nthawi zambiri asisi akamachita phokoso amakhala alibe kanthu. Ndinadziuza zimenezi kawiri.

Ndinagogoda pa bwato. Iwo anaika mulu waukulu kuposa woyamba.

"Kingi ndi wanga uyo. Taya, upite ukatembenuze nsomba."

Ndinatsatira. Nthangala ina inagwera mumchenga, ndipo mayi wa vitumbuwa, amene tsopano anali ataima kumbuyo kwa amalume ndi chipande m'manja, anaitola n'kuibwezera pa mulu.

Khadi lachinayi linali thuu. Silinasinthe kanthu. Ndinapuma pang'ono, n'kugogodanso. Ndinkayembekeza kuti mwina asisi, poona kuti sindikuthawa, agogoda nawonso kuti tione lomaliza mwaulere. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakankha pafupifupi theka la zimene anali nazo.

Chimene chinandisokoneza n'chakuti ulendo uno sanalankhule. Masiku onse ankabetcha ndi pakamwa pomwe, kunyoza, kuimba, kuitana anthu odutsa kuti adzaone. Tsopano anangokhala duu, milomo atatseka, maso ali pa ine. Kodi kukhala chete kumeneku kunali kwa munthu amene ali ndi kingi ndipo safuna kundithawitsa? Kapena kwa munthu amene waona kuti bodza lake lafika patali? Ndinakula nawo nyumba imodzi, anandibereka kumsana, ndinkadziwa kayendedwe kawo ngakhale ali kutali, koma nkhope imene inali patsogolo panga sindinathe kuiwerenga.

Ndinayang'ana mulu wanga. Ndikatsatira, nditsala ndi tochepa tosathandiza. Ndikataya, nditsala ndi zokwanira kupitiriza, kudikira makadi abwino, ma esi mwina. Koma ma esi ndinali nditawadikira masiku onse aja, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, asisi atadya kale theka la kachitini kanga. Ku mtsinje kunamveka injini, ndipo tonse tinatembenuka mwachizolowezi. Linali boti la anthu chabe, lopanda nsomba. Nditabweza maso pa bwato ndinapeza dzanja langa lili kale pa nthangala. Ndinazikankha.

"Mayo," anatero mayi wa vitumbuwa chapansipansi.

Amalume anachedwa ndi khadi lomaliza. Analiika pansi n'kuchotsa dzanja. Teni.

Tsopano pakati panali awiri ondiposa, kingi ndi teni. Ndinagogoda, chifukwa china chochita panalibe.

Asisi anatenga kachitini kawo n'kukakhuthula konse pa mulu, mpaka kukagogoda kumbuyo kuti pasatsale kanthu.

"Zonse. Ndipo tisatayane nthawi, dzuwa likupita. Dzanja ili ndilo lomaliza. Ukatsatira n'kudya, boti ndi lako. Ukatsatira n'kuluza, usadzandifunsenso za misasa. Ukataya, tipitiriza, koma ndi tinthangala tako ito sufika patali."

Ndinaimirira. Sindinathe kukhala. Ndinayenda mpaka pa tsinde la mtengo, makadi nditawapanikiza pachifuwa, n'kubwerera. Ndinapitanso. Amalume anati makadi sachoka pa tebulo, ndipo ndinawabweza n'kuwatsindira ndi mwala, koma ine ndinapitiriza kuzungulira. Ndinkayesa kukumbukira manja onse amene asisi anationetsa akuseka, thuu ndi seveni, folo ndi jeke. Ndinakumbukiranso tsiku limene amalume anawatsatira mpaka pamapeto, ali otsimikiza kuti akunama, n'kupeza ali ndi makwini atatu. Zonse ziwiri zinali zoona. Ndikaganiza za kingi ndinkamuona m'manja mwawo bwinobwino. Ndikaganiza za zinyalala ndinkazionanso.

"Vitumbuwa vipsa, amayi," anatero amalume kwa mayi uja, koma iye sanasunthe.

Sindinganene kuti ndinapeza yankho. Chimene ndinaona n'chakuti ndikataya ndidzadzuka mawa, ndidzamasula mitolo, ndidzapita kumsika wopanda chokagula, ndipo ma eyiti amenewa adzanditsata njira yonse. Kuluza kunandiopsa, koma kusadziwa kunandiopsa kwambiri. Ndinakhala pansi, n'kukhuthula kachitini kanga.

"Ndatsatira, asisi."

Mwa lamulo, amene wabetcha ndiye amayamba kuonetsa. Asisi sanasunthe.

"Onetsa iwe," anatero.

Ndinachotsa mwala n'kutembenuza ma eyiti anga. Pa bwato paja, pafupi ndi kingi ndi teni, anaoneka aang'ono kwambiri moti ndinachita manyazi.

Asisi anawayang'ana. Anayang'ananso awo, mwachidule, ngati munthu woona nthawi. Kenako anawatenga ali chovundikira n'kuwalowetsa pakati pa mulu wa makadi otsala umene unali pafupi ndi amalume, n'kuusakaniza ndi dzanja.

"Ma eyiti," anatero. "Munthu kuika moyo wake pa ma eyiti." Anaimirira n'kukutumula mchenga pa chitenje. "Tenga chipewa changa, dzuwa la pamadzi si la pano. Ndipo usakagule kwa munthu woyamba kukuitana."

Anapita ku shedi osatembenuka.

Mayi wa vitumbuwa anaululuza pang'ono n'kuthamangira ku chiwaya chake, kumene utsi unali utayamba kale. Ine ndinatsala ndi mulu wa nthangala umene sindinadziwe chochita nawo. Ndinayembekeza kumva chimwemwe, koma chimene chinabwera chinali funso. Asisi ankaonetsa makadi awo nthawi zonse, akadya ngakhale akaluza, chifukwa ankakonda kuti tione kulimba mtima kwawo. Lero anabisa chifukwa chiyani?

M'mawa mwake ndinakwera boti, nditakhala pa thumba la mchere, chipewa cha asisi chili kumutu. Titadutsa Zumbo mtsinje unatambasuka, mapiri anabwerera m'mbuyo, ndipo mvuu zinkatulutsa mitu patali n'kumiranso. Ndinasunthira kumbuyo, pafupi ndi injini.

"Amalume, munawaona makadi a asisi?"

"Ati?" anakuwa, chifukwa cha phokoso.

"Makadi a asisi dzulo! Anali ndi kingi?"

"Ine ndimagawa chabe, mwana wanga. Sindiyang'ana."

"Koma mukuganiza bwanji? Anandisiyira dala?"

Anakhotetsa boti kupewa chitsa. Kenako anati, "Mkulu wako ndamudziwa kalekale. Sindinamuonepo akusiyira munthu kanthu. Komanso sindinamuonepo akubisa makadi. Manje usandifunse ine."

Ku misasa ndinapeza zimene sindinkaziganiza. Tinyumba ta udzu m'mphepete mwa madzi, nsanja zodzaza nsomba zong'ambidwa, utsi, mchere woyera pansi ngati ufa wotayika, ndi fungo limene limalowa mpaka m'tsitsi. Anthu atamva kuti ndine mng'ono wa asisi anayamba kuseka. "Ali kuti amayi aukali aja? Adwala?" Ena anaoneka omasuka kuti sanabwere. Koma mkazi wina wa msodzi anandikokera m'kanyumba kake, n'kundipatsa madzi ndi malo oika katundu, nati asisi ndiwo amamubweretsera mankhwala a mwana wake wa chifuwa ulendo uliwonse. Ulendo uno mankhwalawo anali m'thumba langa, pansi pa zovala, atakulungidwa m'pepala. Asisi anawaikamo osandiuza. Mayiyo ndiye anandiuza kuti ndifufuze.

Kugula kunandivuta. Chikunda ndimachimva, koma akafika pa mtengo ankathamanga dala n'kusakaniza ndi Chipwitikizi. Munthu woyamba kundiitana ndinamupitirira monga anandiuzira asisi. Wachiwiri ndinakangana naye mpaka mawu anandithera, ndipo anatsitsa. Ndinatuluka pamenepo ndikumva kukoma kumene sindinakumvepo pa doko. Wachitatu anali mnyamata waulemu, wolankhula mofatsa, amene ananditcha amayi n'kundinyamulira mitolo mpaka ku boti. Kwa iyeyo ndinagula zambiri.

Titabwerera ku Feira ndinawaona asisi tikadali patali, ataima m'madzi, manja m'chiuno. Mayi wa vitumbuwa anandinong'oneza pambuyo pake kuti masiku amene ndinachokapo asisi anakangana ndi doko lonse. Anasesa shedi, anasamutsa mitolo kuchoka kona ina kupita ina n'kuibwezanso, ndipo anapita kumsika kangapo patsiku mpaka ogulitsa anayamba kuwabisalira. Makadi analibe, popeza anapita ndi amalume.

Tikutsitsa katundu asisi anandiyandikira, osandiyang'ana.

"Kukhala pano ndi matenda," anatero. "Umapirira bwanji iwe?"

"Sindipirira, asisi."

Anamasula mtolo woyamba, ananunkhiza, anagwedeza mutu kuvomera. Wachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa ya mnyamata waulemu uja anatenga pende mmodzi, anamupinda, ndipo m'malo mothyoka anangopindika ngati lamba. Anamung'amba pamsana. M'kati munali monyowa, ndipo timphutsi tinali titayamba kale.

"Anakutcha amayi, eti? Anakunyamulira katundu?"

"Inde."

"Ameneyo anandichitapo ine chaka changa choyamba. Bweretsa mphasa zonse. Fulumira, dzuwa likadalipo!"

Anandikalipira masana onse, pamaso pa anthu, tikung'amba nsomba ndi kuzithira mchere wina. Zina tinapulumutsa, zina tinataya kwa agalu. Ndinalira pang'ono, koma manja sanaime. Pamene mitambo yoyamba inayamba kusonkhana kumapiri a kutsidya, tinali titapeza lole, ndipo tinatuluka mu Feira usodzi usanatsekedwe.

Pa msewu wokwera kuchoka m'chigwa tinakhala pamwamba pa mitolo, fumbi likutitsata. Ndinafuna kuwafunsa za makadi aja. Ndinakonza mawu, ndinatsegula pakamwa, koma lole inagwera m'dzenje ndipo tonse tinagwirira zingwe. Nditatembenuka iwo anali atafunda chitenje kumutu, akuwodzera. Ndinawafunsa patapita miyezi, tili ku Lusaka, ndipo anandiyang'ana modabwa n'kuti, "Makadi ati?" Mpaka lero sindidziwa ngati anaiwaladi.

Usodzi utatsegulidwa ndinawauza kuti ndikufuna kuyamba kugula zanga. Tinakangana sabata yonse, amayi athu aang'ono mpaka analowererapo, koma pamapeto tinagawana. Tsopano timakwera boti limodzi pakakhala malo, ndipo shedi timalipira munthu wotilondera. Mitolo yanga ndimamanga ndi chingwe chobiriwira, yawo ndi chofiira, kuti isasokonezeke pa lole. Ku misasa iwo amayamba kumtunda, ine kumunsi, ndipo tikakumana pakati amatsegula mitolo yanga osapempha, n'kuyamba kupinda nsomba imodziimodzi.